Dothi la ku Georgia

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa ndinagona chokhala pampando wa m'khitchini. Linali Loweruka, mwezi wa Novembala 1996, tsiku loika apongozi anga aamuna. Nyumba yathu ya ku Manassas, kufupi ndi mzinda wa Washington, inali itadzaza mpaka pakhomo. Amayi a ku mpingo kwathu anali atagona pa kapeti pabalaza atafunda zitenje, abambo ali m'chipinda cha pansi, ena akuliza mkonono ngati sanabwere pamaliro. Nyimbo zinali zitatha kale. Kunja mvula inali ikugwabe, mvumbi wa tsiku lachitatu.

Chinandidzutsa ndi chitini. Apongozi ankasunga kunsi kwa bedi lawo chitini cha khofi chokulunga m'nsalu yofiira, chomanga ndi chingwe, m'kati mwake muli dothi. Patatsala sabata kuti atisiye, ndikuwameta ndevu, anandigwira dzanja nandiuza kuti dothi limenelo ndidzalithire m'manda mwawo, pamwamba pa bokosi, anthu asanakwirire. Mwana wawo, amene ndi amuna anga, sanamuuze, poti iye zoterezi ankangoziseka n'kumati bambo akalamba. Anauza ine mpongozi wa ku Thyolo, ndipo ndinalonjeza. Koma chimwalirireni Lachitatu ndinali piringupiringu, kuchipatala, kunyumba ya chisoni, kusitolo, pafoni, moti chitinicho ndinachikumbukira nditatseka maso.

Ndinalumpha miyendo ya anthu mpaka kuchipinda kwawo. M'menemo munagona amayi asanu ochokera ku tauni ya Laurel, awiri pabedi, atatu pansi. Ndinagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi. Ndinakhudza zikwama za alendo, nsapato za alendo, ambulera. Ndinagona chafufumimba, mkono wonse kulowa mpaka kukhoma. Panali poyera pee, posesedwa bwino kuposa mmene ndinkasesera ine, ndipo chitini panalibe.

Apongozi anali Mcheroki, mtundu wina wa eni dziko lino, aja analipo azungu asanafike. Ankakonda kunena kuti makolo awo sanali anthu ovuta. Azungu atati limani ndi ng'ombe, analima. Atati tumizani ana kusukulu, anatumiza. Anamanga nyumba zamatabwa, analowa tchalitchi, anavala masuti, anapanga zilembo zawozawo mpaka kumasindikiza nyuzipepala m'chilankhulo chawo. Minda itayamba kulandidwa anabwera kuno ku Washington kudzasuma kukhoti lalikulu, ndipo khoti linagamula mowakomera. Sizinaphule kanthu. Dziko lawo la ku Georgia analiduladula n'kuligawa kwa azungu mwa maere, eni ake asilikali n'kuwathamangitsira ku Oklahoma, ulendo wa miyezi, kukuzizira. Amayi a agogo awo anayenda ulendo umenewo ali kamtsikana, ndipo mng'ono wawo anakwiriridwa m'mbali mwa njira, malo ake osadziwika mpaka lero. Ku Oklahoma nako boma linadzadula malo, aliyense kachidutswa kake, ndipo tizidutswato tinapita kamodzikamodzi. Ka bambo awo kali pansi pa madzi a damu. Apongozi anachokako ali mnyamata, nadzagwira ukalaliki mu ofesi ina ya boma zaka makumi atatu, tayi pakhosi tsiku lililonse.

Nkhani imeneyi ine sinkaimva ngati yachilendo, ndipo ndikhulupirira ndi chifukwa chake tinkagwirizana. Mudzi wa kwathu unapanikizika pakati pa minda ya tiyi. Agogo ankagwira thangata pamalo pomwe anabadwira, ndipo manda athu akale ali m'kati mwa esiteti, moti pokasesako timachita kupempha kwa mlonda. Nditawauza zimenezi apongozi anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandiuza za chitini. Atapuma pantchito anayendetsa galimoto okha mpaka ku Georgia, akutsata zimene agogo awo anawauza, zoti nyumba inali pomwe timitsinje tiwiri timakumana patsinde pa phiri. Anapapeza. Panali makola a nkhuku a mlimi wina. Anakonza tayi wawo, nagogoda, napempha chilolezo chotapa dothi. Mlimiyo anawabwereka fosholo, naima n'kumawayang'ana, ndipo pochoka anawakumbutsa kutseka geti.

Kunayamba kuyera ndikufufuzabe. Ndinatsegula makabati onse, ndinayang'ana m'galaja, m'buti mwa galimoto, ngakhale m'makina ochapira, ngati chitini chili ndi miyendo. Amuna anga anandipeza ndikusanthula mabokosi a nsapato ndipo anafunsa chimene ndataya. Ndinati ndikufuna duku lakuda. Anandiyang'ana kumutu, pomwe duku lakudalo linali, koma munthu woferedwa safunsa kawiri.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka. Abambo anali atamanga lona kuchokera kudenga mpaka kumpanda, ndipo pansi pake amayi athu anayala mbaula zamakala ndi masitovu a gasi, mpunga uku, nyemba uku, kabichi akudulidwira m'beseni losambitsira mwana. Abale a ku Oklahoma, amene anafika dzulo lake pa magalimoto awiri atayenda masiku awiri, anabwera ndi mphika wawo wachitsulo, wakuda bii, ndipo mwamuna wina wamkulu thupi ankakazingamo nkhumba ndi mthiko wonga chopalasira bwato. Akazi awo ankakulunga ufa wosakaniza ndi nyemba m'makoko a chimanga, kufanana ndithu ndi mmene timakulungira mkate m'masamba a nthochi. Mbali ziwirizi sizinkalankhulana kwambiri, koma kusuzumirana m'mapoto kokha kunalipo. Utsi unkakanika kutuluka pansi pa lona, aliyense maso ali psuu, osadziwika wolira ndi wophika.

Ndinamukokera pambali mnzanga wina wa ku Lusaka, amene timagwira limodzi kunyumba yosamalira okalamba. Ndinamufunsa amene anakonza chipinda cha apongozi. Anati Lachinayi, ine ndili kunyumba ya chisoni, amayi aakulu a ku Laurel anatulutsa aliyense n'kutseka chitseko, ati akonza okha.

Amayi amenewa ndi mkulu wa amayi ku mpingo kwathu. Ndiwo anandilandira pabwalo la ndege chaka chimene ndinafika, ndiwo anandigulira jekete langa loyamba, ndipo palibe maliro kapena ukwati wa Mmalawi pakati pa Washington ndi Baltimore umene unayenda popanda iwo. Ndinawapeza akusankha mpunga. Nditangotchula nsalu yofiira anayang'ana uku ndi uku, anandigwira chigongono, nanditengera kuseri kwa galaja.

"Naphiri, usade nkhawa," anatero monong'ona. "Ndinathana nacho. Palibe wina akudziwa."

Nkhope yawo inali ya munthu amene wakuchitira chifundo chachikulu ndipo sakufuna kuthokozedwa. Anandiwerengera ndi zala. Dothi. Nsalu yofiira. Chingwe cha mfundo. Kapepala kolembedwa zilembo zoti si Chizungu, si Chichewa, zopindikapindika. Zonsezo kunsi kwa bedi la munthu amene wakhala akungowonda zaka ziwiri.

"Iwe ndiwe nesi, I know," anatero, "koma zina sizioneka pa X-ray, mwana wanga."

Nsalu, chingwe ndi kapepala anaotcha pambaula. Chitini anaponya m'bini. Dothi anakalikhuthula m'kadimba ka apongozi, chakumpanda, akupemphera, ndipo pofuna kutsimikiza anathirapo ndowa yamadzi. Limenelo linali Lachinayi madzulo, ndipo chiyambire pamenepo mvula sinakate.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkafuna kuwafunsa amene anawatuma, kuwafunsa ngati m'nyumba za eni amangolowa n'kumaotcha zinthu. Koma munthu wa msinkhu wa mayi ako, amene wachokera ku ntchito ya usiku n'kuyendetsa ola lathunthu kudzagona pansi pamaliro a munthu wosamudziwa, umamukalipira bwanji? Komanso, kunena zoona, tsiku loyamba limene ine ndinachiona chitinicho, ndikusesa, ndinathawa m'chipindamo tsache lili m'manja, ndipo sabata yonse sindinasesenso kunsi kwa bedi. Anachita zimene ndikanachita ine ndikanakhala wolimba mtima.

Ndinawafotokozera mwachidule. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anakhala pandowa yovundikira imene inali pamenepo, mvula ikuwagwera pa duku. Anati, "Sorry, mwana wanga. Ndalakwira wakufa."

Kadimba ka apongozi kanali kochepa, mizere inayi ya chimanga ndi nyemba zoyanga, panthawiyo mapesi okhaokha. Amayi aja anandilozera pafupi ndi mzati wachitatu wa mpanda. Kenaka anati mwina wachinayi. Kunali mdima, anatero. Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa, ndipo mtima unangoti zii. Dothi la ku Manassas ndi katondo, lofiira ngati la ku Thyolo, lofiira ngati la ku Georgia lija. Ponseponse panali matope amtundu umodzi, timadzi tofiira tikuyenderera kutsikira kwa aneba.

Ndinatenga chipande m'khitchini n'kutapa. Ndinatapa pa mzati wachitatu, ndinatapa pa wachinayi, ndinatapanso pakati, ndikupala pamwamba pokha. Matopewo ndinawayala m'thireyi yophikira makeke n'kuwalowetsa mu uvuni, pansi pa nkhuku zimene zinkawotchedwa. Chitini ndinachipeza m'bini, pansi pa makoko a anyezi, ndipo ndinachitsuka. Matope atauma ndinawasinja ndi botolo, ndinawasefa ndi sefa ya ufa, ndinachotsa timizu ta nyemba. Nsalu yofiira ndinadula ku shati ina ya apongozi. Ndinkagwira msangamsanga, nditatembenukira kukhoma, ndipo aliyense wolowa kudzatenga mchere ankandidzidzimutsa.

Mnzanga wa ku Lusaka uja anandiyang'ana ndikumanga mfundo.

"Manje muzabauza?"

Ndinati ayi.

"Dothi ni dothi, mwana," anatero, natuluka ndi nkhuku. Ankafuna kundilimbitsa mtima, koma ndinamuda kwa kanthawi.

Pofika naini koloko msewu wathu unali utadzaza magalimoto mbali zonse. Anafika anamwino ali m'mayunifomu a ntchito ya usiku, zitenje atamanga pamwamba. Anafika ophunzira a kuyunivesite atavala masuti obwereka, manja a jekete akuthera pachigongono. Anafika madala atatu amene ankagwira ndi apongozi mu ofesi, mmodzi akukankhidwa panjinga ya olumala. Aneba achizungu ankabwera ndi mbale zovundikira, kupereka pakhomo, kusuzumira anthu okhala pansi m'kati, n'kubwerera msanga. Ana athu obadwira konkuno ankathamangathamanga pamasitepe, ukawakalipira m'Chichewa iwo kuyankha m'Chizungu. Ine ndinkapereka moni, kulandira mapepeso, chikwama changa chakuda chili kukhwapa ndi chitini m'katimo, ndipo sindinachisiye pansi ngakhale posintha zovala.

Kunyumba ya chisoni tinawaona apongozi komaliza. Anawaveka suti yawo yotuwa ndi tayi wa madontho. Ndinaimirira pamenepo nthawi yochepa kwambiri, poti ndinkaona ngati atsegula diso limodzi n'kuyang'ana chikwamacho.

Pa ulendo wa kumanda anatikweza galimoto imodzi ndi amuna anga ndi azakhali awo, mlongo wamkulu wa apongozi, amene anatsogolera abale a ku Oklahoma. Anali mayi wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, woyenda ndi ndodo, wosalankhulalankhula. Chifikireni anali atandilankhula kawiri kokha, ndipo kamodzi kanali kofunsa bafa. Galimoto itangonyamuka anandiyang'ana nati, "Mlongo wanga anandiuza pafoni kuti analisiya ndi iwe." Ndinatsegula chikwama n'kuwaonetsa nsalu yofiira. Anaikapo dzanja lawo, lopepuka ngati tsamba, ndipo sanalichotse mpaka kumanda.

Mdipiti unali wautali. Wapolisi wa panjinga yamoto anatsogola, magalimoto onse atayatsa nyali, ndipo pamphambano anthu ankaima kutipatsa njira. Mwamuna wina pamalo omwetsera mafuta anavula chipewa. Tinadutsa pomwe kale panali minda ya ng'ombe, tsopano atagumulapo, mathirakitala ataima m'matope, timbendera ta nyumba zatsopano tikukupiza. Ndinkayang'ana kunja kuti ndisayang'ane dzanja lija. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, kawiri konse ndinangomeza malovu. Ndinkadziuza kuti mwina muli supuni imodzi ya dothi lenileni, mwina ziwiri, ndiye si bodza lonse. Kenaka ndinkakumbukira ndowa yamadzi ija ndi timadzi totsikira kwa aneba.

Manda anali pambali pa a apongozi aakazi, amene ndinawasamalira chaka chawo chomaliza, ndipo ndi mmene ndinadziwanira ndi mwana wawo. Eni manda anali atayala kapeti wobiriwira kubisa mulu wa dothi, ataika katenti ndi mipando khumi ndi iwiri, pomwe ife tinalipo oposa zana. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mvula. Abale a ku Oklahoma anayamba nyimbo m'chilankhulo chawo, motsitsa, ndipo amayi athu atamva chuni anazindikira kuti ili m'buku lathu lanyimbo, nailandira m'Chichewa. Inayenda choncho mpaka kumapeto, mbali iliyonse ndi mawu ake.

Kenaka bambo wa jekete lalitali, woyang'anira mandawo, anabwera kutsogolo n'kulengeza mwaulemu kuti mwambo watha, tikhoza kubwerera ku magalimoto, antchito atsitsa bokosi tikachoka. Palibe anasuntha. Anabwerezanso, mokwezako. Mkulu wina wa kwathu anamuyandikira n'kumuuza kuti ife sitichoka munthu ali pamwamba. Bamboyo anatembenukira kwa abale a ku Oklahoma, poganiza kuti awa ndiye Aamereka, amvetsa, koma anapeza atavula kale majekete, poti kwawo nakonso manda amakwirira okha. Anakambirana kanthawi, wina anathamangira ku ofesi, ndipo mapeto ake mafosholo anayi anatuluka. Kapeti wobiriwira uja anamukokera pambali, bokosi linatsika.

Nthawi yanga inakwana. Ndinapita pamphepete pa dzenje, ndinamasula nsalu n'kutsegula chitini. Amuna anga anandiyang'ana modabwa. Azakhali anawanong'oneza mawu ochepa, ndipo munthu amene sanagwetse msozi chimwalirireni bambo ake anagwira kumaso n'kuyamba kulira ngati mwana. Azakhali analankhula m'chilankhulo chawo, atayang'ana m'dzenje. Sindinamve kanthu, koma abale awo onse anaweramitsa mitu.

Ndikupendeketsa chitini, azakhali anandigwira mkono. Anatulutsa kampango koyera m'thumba, nakatambasula pachikhatho.

"Ndigawireko pang'ono," anatero. "Ine ku Georgia sindinafikeko."

Zimenezi sindinaziganizire. Kunamiza wakufa ndinali nditakuvomera kale mumtima, ndikuti iye ali kumene amadziwa zonse, aona yekha kuti ndinayesetsa. Koma uyu anali wamoyo, ataima pamvula, dzanja litatambasuka, anthu zana akuyang'ana. Ndinatapa ndi zala n'kuika pakampangopo, kawiri. Anakapinda mosamala, ngodya ndi ngodya, nakalowetsa pachifuwa. Kumbuyo kwanga amayi a ku Laurel analira mokweza mpaka anzawo kuwagwirira, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti sankadziwa kuti ankawakonda chotere malemuwa.

Lotsalalo ndinathira. Linagwera pabokosi ndi kaphokoso kochepa, mvula n'kulinyowetsa pomwepo. Mumtima ndinangoti pepani, bambo. Abambo anayamba kukwirira molandizana, Mmalawi kupatsira Mcheroki, Mcheroki kupatsira wophunzira wa suti yobwereka, nsapato zonse zofiira. Amayi anaimba mpaka mtumbira unakwera, ndipo woyang'anira uja anaima patali ndi ambulera, akuyang'ana wotchi.

Kunyumba tinasamba m'manja pandowa imene inaikidwa pakhomo, ndipo abale a ku Oklahoma anaima pamzere nafe osafunsa chifukwa chake. Anthu anadya ataimirira, m'khonde, pamasitepe, m'magalimoto. Nkhumba ija inatha msanga, ndipo amayi athu anakulunga mikate ya nyemba m'mapepala kuti akalawitse kunyumba. Ine sindinadye. Ndinkangoyendayenda, kutola mbale, kuzisiya, kuzitolanso. Amayi a ku Laurel ankandizemba, ine ndinkazemba azakhali, ndipo m'nyumba yaing'ono ngati ija inali ntchito ndithu.

Maliro a kuno sakhalitsa, poti ntchito sidikira. Pofika folo koloko anamwino anali atavula zitenje kuthamangira mashifiti, ophunzira atapita kukakwera sitima, abambo atatsitsa lona. Abale a ku Oklahoma anapakira mphika wawo napita kumalo ogona alendo, kuti alawire m'mamawa. Amayi a ku Laurel anachoka omalizira. Pakhomo anandikumbatira nthawi yaitali, nati akandiimbira, ndipo ndinaona kuti akalamba tsiku limodzi lomweli.

Nyumba inangoti zii. Mvula inali itakata. Amuna anga anagona pampando wa bambo awo, nsapato zamatope zili kumapazi. Azakhali, amene anati agona kwathu, anakhala patebulo la m'khitchini, ine ndikutsuka mapoto. Anandipempha singano ndi ulusi. Ndinawapatsa, ndipo anatulutsa kampango kaja n'kuyamba kukasoka m'mbali, pang'onopang'ono, maso atayandikitsa. Anati akafika akapatsa mwana wawo wamkazi kuti adzakaike m'bokosi mwawo, ndipo akamuuza pamaso pa mboni, chifukwa ana a masiku ano amataya zinthu.

Ndinatseka mpopi. Ndinapukuta manja, ndinakhala moyang'anana nawo, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira kunsi kwa bedi mpaka ku sefa ya ufa. Sindinatchule amene anataya. Ndinangoti mmodzi mwa ife anaganiza kuti ndi mankhwala oipa, ndipo ankafuna kutiteteza. Ndinanenanso za kapepala. Polankhula ndinkayang'ana singano, imene inaima pakati pa msoko.

Anaika kampango patebulo. Ndinkayembekeza kuti aimirira, adzutsa mwana wa mlongo wawo, amuuza mtundu wa mkazi amene anakwatira.

"Papepalapo panali dzina la amayi a agogo athu," anatero potsiriza. "Limenelo ndili nalo." Analitchula, dzina lalitali lofewa, ndipo anandiuza kuti ndilibwereze mpaka ndinalikhoza. Kenaka anakweza kampango. "Muno muli lochuluka bwanji?"

Ndinati sindikudziwa. Mwina pang'ono, mwina mulibiretu.

Anamaliza msoko wawo, nadula ulusi ndi mano, nabwezera kampangoko pachifuwa. Anatenga ndodo nati ndikawaonetse pamalopo.

Kunja kunali kukuda, kukuzizira. Pomwe panali mbaula panatsala mabwalo a phulusa lonyowa. Ndinawagwira mkono mpaka kumpanda, ndipo ndinawaonetsa mzati wachitatu ndi wachinayi, pomwe chipande changa chinasiya timaenje todzaza madzi. Anaima pamenepo, akubaya pansi ndi ndodo, apa, apa, ndi apo. Anayang'ana mapesi a mlongo wawo, mpanda, denga la nyumba, mtengo wa pakona, ngati munthu amene akufuna kugula malo.

"Ndiye kuti lochuluka lili pano," anatero. "Mvula yalilowetsa pansi."

Ndinati ndi mmene ndikuganizira.

"Mlongo wanga anayenda ulendo wonse uja kukalitenga, ndiye lasankha pokhala." Anandigwira dzanja mwamphamvu kuposa mmene ndinkaganizira kuti angathe. "Nyumba ino musadzagulitse, mwana wanga. Ife tachoka mokwanira. Undilonjeze."

Ndinati inde, azakhali.

Tinabwerera m'nyumba mwakachetechete kuopa kudzutsa wogona. Ndinawathandiza kuvula nsapato, ndinateleka madzi, ndinawapangira tiyi. Anamwa mofatsa, nkhope itamasuka koyamba chifikireni. Nyumbayo inali ya lendi. Kalata ya mwini wake, yoti tikhale titachoka pofika mwezi wa Marichi chifukwa wagulitsa malowo, inali pachitseko cha firiji, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wawo.